Tsiku Limene Tadala Anakana Kuthira Mchere

Amayi anzanga, sunthirani pafupi, mawu anga masiku ano safika patali. Inu a kumbuyo mukapanda kumva mukweze dzanja ndibwereze, chifukwa zimene ndabwera nazozi si zomvera theka.

Ine ndine amake a Fanesi, wa kuseri kwa msika wa Limbuli, njira yolowera ku minda ya tiyi. Ena mumandidziwa. Ena munandidziwa nthawi ija ndinkagona m'ngalande dzuwa lili pamutu, ndipo ndikukuonani mwayamba kuyang'ana pansi. Musavutike, zimenezo ndinena ndekha.

Nkhani yanga ndi ya mchere. Tonse pano tinalangizidwa chimodzimodzi: mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Amaitana mwana kuti adzathire. Ukathira wekha, a m'nyumba mwako amatupa miyendo, amatsokomola, ndiye tsempho limenelo. Anatiuzanso kuti za magazi a mkazi sizituluka pakamwa pamaso pa mwamuna. Amayi anga anandiuza choncho, ine ndinauza Fanesi choncho, ndipo Fanesi anali mwana womvera.

Anali mwana wanga mmodzi yekha wamkazi. Ankathyola tiyi ku esiteti, dengu kumsana kuyambira mame asanaume mpaka kapitawo atanena kuti basi. Mwamuna wake anapita ku Joni, foni inalira miyezi yoyamba, kenako inasiya. Anamusiyira ana awiri aakazi, Tadala ndi kamng'ono kake Mphatso. Nyumba zathu zinali zoyang'anana, mafuwa athu pabwalo limodzi, choncho zonse za kumphika kwake ndinkazimva.

"Tadala, dzathire mchere."

Sabata inatha. Mwezi unaoneka, unakhwima, unafa, wina unaoneka.

"Tadala, dzathire mchere."

Ndinamufunsa tili kumtondo. "Iwe, sunathebe?"

"Zikumapita n'kubwera, amayi. Mwina ndi jakisoni wakulera uja."

Ndinati chabwino, n'kupitiriza kusinja.

Kuchipatala tinapita, musati sitinapite. Ndinamuperekeza ndine, ndinalowa naye m'chipinda. Tinapezamo dokotala wamwamuna. Anafunsa mwaulemu ndithu kuti, "Chikukuvutani n'chiyani, mayi?" Fanesi anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana simenti. Ndiye anati, "Msana." Tsono ndiuzeni, wothyola tiyi wake uti amene msana sum'pweteka? Anam'patsa mapiritsi a msana, tinathokoza, tinatuluka. Tinabwereranso, msana. Tinabwereranso, m'mimba. Dokotalayo analibe mlandu. Munthu amakupatsa mankhwala a chimene wanena.

Titaona kuti mapiritsi sakugwira tinakwera kabaza kuwoloka malire, kwa sing'anga wina ku Mozambiki. Tinabwerako ndi mizu yodzadza jumbo. Magazi sanaleke. Panabweranso madzi onunkha, ndipo kutchalitchi anthu anayamba kusiya mpata pabenchi pamene Fanesi wakhala. Tsiku lina anagwa m'munda wa tiyi dengu lili kumsana. Anamunyamula pathirakitala ya kampani. Namwino wamkazi atavundukula chitenje anangotseka maso, n'kuti tipite kuchipatala chachikulu.

Kumeneko ndi kumene ndinamva dzina la nthendayo koyamba: khansa ya khomo la chiberekero. Anati yafalikira, mpeni sungathandizenso. Dokotala wa kumeneko anafunsa kuti zinayamba liti. Fanesi anati chaka chatha. Anafunsanso kuti, "Nanga bwanji simunanene?" Palibe anayankha. Tinali awiri m'chipindamo amene tinkadziwa yankho.

Ndinam'dwazika mwana wanga. Kuchipatala ndinali gadiyani wake, kugona pansi pambali pa bedi, kuphika phala kukhitchini ya magadiyani utsi uli m'maso. Atatibweza kunyumba anatipatsa mankhwala amadzi oletsa ululu, ndinkam'mwetsa monga anandiuzira. Ndinkam'tembenuza, kum'sambitsa, kuchapa nsanza kumtsinje anthu ena asanafike. Munthu amene ankasenza dengu lodzadza anapepuka mpaka ndinkamunyamula ngati mtolo wa udzu.

Tsiku lina anandifunsa, "Amayi, ndikununkha eti?"

Ndinati, "Ukununkha tiyi, mwana wa kampani iwe."

Anaseka mpaka ululu unam'gwira. Atapuma anati, "Tadala musamam'kalipire kwambiri. Makani akewo ndi anu omwe."

Anamwalira nandolo atayamba kuuma m'munda.

Tsono apa ndifulumira, chifukwa kugwa kumafulumira. Mlamu wanga Dorika, mkazi wa malemu mlongo wanga, amatcheza kachasu kuseri kwa nyumba yake. Maliro atatha anaona kuti sindikugona, anandipatsa pang'ono m'kapu kuti mutu ukhale pansi. Unakhaladi pansi. Mawa lake ndinapita ndekha. Mkuja ndinapita kawiri. Ndikamwa, mawu aja a "dzathire mchere" ankasiya kulira m'makutu mwanga. Nandolo anaphulikira m'munda osakolola. Mbuzi inapita. Zitenje za Fanesi, zimene ndinkati ndisungira ana ake, zinatuluka m'sutikesi chimodzichimodzi. Bulauzi yanga yoyera ya kuchigwirizano mphemvu zinachita nayo phwando. Amayi a kutchalitchi anabwera kudzandiimbira nyimbo, ndinawathamangitsa ndi chikuni. Tadala, kamtsikana kosatha msinkhu, ndiye anasanduka mayi wa pakhomo. Sukulu ankapita tsiku limene wapeza chosiyira Mphatso.

Tsiku lina masana ndinagwera m'ngalande ya m'mbali mwa munda wa tiyi, chitenje chili uko, ine kuno. Anandipeza ndi anzake a Fanesi akuchokera kusikelo koyezetsa tiyi. Ndinkawamva ngati ali kutali.

"Si amake a Fanesi awa?"

"Afunditseni msanga, amuna akubwera kumbuyoku."

Mmodzi anavula pepala la pulasitiki limene amamanga m'chiuno pothyola tiyi, anandifunditsa. Mukuganiza kuti manyazi amenewo anandisiyitsa? Mawa lake ndinali kwa Dorika. Amene muli ndi botolo kunyumba mukudziwa kuti manyazi sasiyitsa mowa, amangokulitsa ludzu.

Ndili m'dzenje limenelo, ndinaona magazi.

Ine ndinali nditasiya kusamba Tadala asanabadwe. Nkhalamba ngati ine ndi imene imathirira ena mchere, imaphikira mzimayi wachikuta, chifukwa thupi lake linazizira kale. Ndiye m'mawa wina ndinaona kadontho pachitenje. Ndinati ndakhalira chinachake. Patapita masiku, kenanso. Kenako sizinalinso timadontho. Sindinafunikire munthu wondiuza. Ndinali nditachapa nsanza za Fanesi miyezi yonse ija, mtundu wake ndinkaudziwa, fungo lake ndinkalidziwa.

Ndikuuzeni zoona, sindinalire. Mumtima ndinati zakhala bwino, Fanesi wanditumizira uthenga, ndim'tsatira. Ndinang'amba chitenje chakale, ndinadzimanga, ndinakhala chete. Kuphika ndinali nditasiyira Tadala, choncho panalibe wodziwa.

Koma kunabwera chiperoni, kamvula kaja kosaleka kochokera kuphiri, ndipo Tadala anabwera kusukulu atanyowa, akunjenjemera. Tsiku limenelo mutu wanga unali woyera pang'ono. Ndinati khala pamoto, ndiphika ndine. Ndinasinja chigwada, ndinatereka. Chitawira ndinatenga kachitini ka mchere, ndinatapa, ndinatambasula dzanja pamwamba pa mphika.

Dzanja linakana. Mowa unali utadya zambiri mwa ine, ulemu, mbuzi, mapemphero, koma chilangizo cha amayi anga sunachidye. Ndinayang'ana Mphatso, timiyendo take tating'onoting'ono, ndinaona titatupa. Ndinabweza mchere m'kachitini, ndipo pakamwa panatuluka mawu ndisanawaganize.

"Tadala, dzathire mchere."

Anadzuka. Anatapa mchere, anafika pamphika. Ndiye anaima. Nthunzi ikumuomba kumaso, iye ali chiimire, dzanja atalifumbata.

"Anganga, inu mumathira nokha."

"Manja anga ndi akuda. Thira."

"Madzi awo m'ndowamo. Sambani."

"Iwe, ukuyankhana ndi ndani?"

Anandiyang'ana kumaso, kenako maso ake anatsika mpaka pachitenje changa, n'kubwerera. Mwana ameneyu palibe anamuuzapo kanthu, anali asanalangizidwe. Koma anali atathira mchere chaka chathunthu m'mphika wa mayi ake.

"Amayi anayambanso chonchi," anatero, mawu ali pansipansi. "Ndinathira, ndinathira, ndinathira, mpaka anamwalira. Uno sindithira."

Anabweza mcherewo m'kachitini, anapukuta dzanja pa diresi mpaka kambewu kotsiriza.

Ndinanyamula mthiko. Sanathawe, sanaphimbe ndi mutu womwe.

"Menyani. Koma sindithira mpaka mupite kuchipatala." Anatembenukira kwa mng'ono wake. "Mphatso, nawenso usathire."

Kamwana kaja kanabisa manja kumbuyo.

Mthiko unatsika wokha. Tinadya chigwada chopanda mchere. Amayi, mukuchidziwa chigwada chopanda mchere, n'chimodzimodzi kutafuna udzu wa padenga. Mphatso analira, analavula. Tadala anadya mbale yonse akundiyang'ana, osaphethira.

Ndinati mawa aiwala, ndi mwana. Mawa lake anaphika yekha nyemba, osathira. Ndinati, "Lero waphika ndiwe, thira, palibe choletsa." Anati, "M'nyumba muno mchere watha," kachitini kali poonekera kodzadza. Tsiku linzake chimodzimodzi. Mphatso anayamba kukana kudya, ankangonyambita nsima n'kuisiya. Ana akapita kotunga madzi ndinkaima pamphika mchere uli m'dzanja. Ndithire ndekha, ndiwapatse ana a Fanesi tsempho. Ndisathire, kamwana kakufota ndikukaona. Njira yachitatu inali yokaima pamaso pa mwamuna n'kunena zimene mkazi sanena. Kamtsikana kanali katanditsekera zitseko zonse n'kusiya chimodzi chokhacho.

Koma ndinati ayi, pali Dorika. Ndinanyamula mphika wa ndiwo, ndinauphimba ndi mbale, ulendo kwa mlamu wanga. Ndinapeza abambo angapo atakhala pamabenchi, makapu m'manja.

"Alamu, ndithirireni mchere umu."

Dorika anaseka mpaka anagwira m'chiuno. "Alamu, mwabwerera utsikana? Tiitane ng'oma tikuvinireninso chinamwali?"

Abambo aja anaseka nawo osadziwa chimene akuseka. Koma Dorika atandiyang'ana kumaso, kuseka kunathera pakhosi. Anandikokera kuseri, kumene kuli migolo yake.

"Zayamba liti?"

"Nandolo asanachite maluwa."

"Ndiye mukudikira chiyani?"

"Ndikudikira Fanesi adzanditenge. Thirani mcherewo, mundipatsenso kabotolo."

"Tadala wakana?"

"Wakana."

Anayang'ana mphika uja. Ndiye anati, "Ngati mwana wakana, ine ndine ndani? Ndinali m'nyumba muja tsiku losambitsa Fanesi. Ndinaona ndi maso angawa. Sindidzaonanso zimenezo kawiri. Mchere sindithira, kabotolonso kulibe."

"Nanga migolo yonseyi?"

"Imeneyo ndi ya anthu ofuna kuledzera. Inu mukufuna kufa, ndipo mukufuna mufere m'kapu yanga."

Ndinam'tukwana, mawu amene sindingabwereze pano. Ndinabwerera ndi mphika wanga wosathira.

M'mawa mwake ndinamva odi. Dorika, atavala chitenje chake cha kumaukwati. Tadala anali atatenthetsa kale madzi osamba, sindikudziwa kuti anapangana nthawi yanji. Palibe anandifunsa ngati ndikufuna. Dorika anangoti, "Sambani alamu, mzere umatalika."

Njira yonse miyendo inkafuna kubwerera. Ndinali ndisanamwe kuyambira dzulo lake, thukuta lili thupi lonse ngakhale kunkazizira. Tinakhala pabenchi yomweyo imene ndinkakhala ndi Fanesi. Khomo lomwelo. Dzina langa litaitanidwa Dorika anafuna kulowa nane, ndinamukaniza. Ndinali ndi maganizo anga. Ndinati ndilowa ndekha, ndinena msana, nditenga mapiritsi, ndikawaonetsa Tadala, mchere ubwerera m'ndiwo.

M'chipindamo munali dokotala wina, mnyamata, ndevu zake zosakwana n'kumeta komwe. Woti ndikanam'bereka kumbuyo.

"Agogo, takulandirani. Chikukuvutani n'chiyani?"

"Msana, mwanangu."

"Wayamba liti?"

"Kalekale."

Anawerama, anayamba kulemba. Ndinamva cholembera chikukanda papepala. Phokoso limenelo ndinkalidziwa. Ndi lomwe lija ndinalimva maulendo onse aja ndili chiyang'anire simenti, Fanesi ali pampando umene ndinakhalapowo. Ndinaona kuti akangomaliza kulemba, ang'amba kapepala, aitana wina, ndipo ine ndituluka ndi mapiritsi a msana. Ndinaona Tadala akuwalandira, akuwatembenuza m'dzanja. Ankawadziwa mapiritsi amenewo. Ankawaperekera madzi kwa mayi ake.

"Mwanangu," ndinatero, "m'nyumba mwanga sindikuthira mchere."

Ndinaganiza kuti ndanena zonse. Mzimayi aliyense pano akanamva. Iye anamwetulira osadzutsa mutu. "Mukuchita bwino agogo, mchere wambiri si wabwino pa msinkhu wanuwu."

Anapitiriza kulemba.

Pamenepo ndinazindikira kuti m'chipinda chimenecho zokuluwika sizigwira ntchito. Mwana uja sanapite kuchinamwali cha akazi, angadziwe bwanji? Lilime linali lolemera ngati mwala wa mphero. Ndinamva amayi anga kumanda akuti, iwe, pamaso pa mwamuna? Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri. Ndinatseka maso.

"Siyani kulemba. Msana ndanama. Ine ndinasiya kusamba kalekale, koma tsopano ndikutaya magazi kumaso kuno, njira yobadwira ana. Mwana wanga anafa ndi zomwezi."

Cholembera chinaima.

Ndinadikira kuti denga ligwe. Silinagwe. Nditatsekula maso mnyamata uja sanali kuseka, sanali kunyansidwa. Anaika cholembera pansi, anati, "Agogo, mwachita bwino kwambiri kundiuza. Dikirani pomwepo." Anatuluka, anabwera ndi namwino wamkazi, wachikulire, amene ananditengera m'chipinda china. Anandiyeza, anandiuza kuti pakhomo la chiberekero pali chilonda, ndipo ndiyenera kupita kuchipatala chachikulu akadule kanyama kakang'ono kokapima. Anandifunsa ngati ndimamwa mowa. Popeza pakamwa panali patatseguka kale, ndinati ndimamwa ngati ngalande. Sanandikalipire. Anati zimenezonso tithandizana, musasiye mwa nokha osatiuza, thupi lozolowera limatha kukugwetsani.

Titafika kunyumba Tadala anali pakhonde. Sanafunse ine, anafunsa Dorika, amene kani ankasuzumira pakhomo la dokotala nthawi yonse ija.

"Anena?"

"Anena, mpaka dokotala wasiya kulemba."

Tadala anadzuka, analowa m'nyumba, ndinamva kachitini kakutsekuka. Madzulo amenewo Mphatso ananyambita mbale mpaka kumbuyo.

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Kudikira zotsatira za kanyama kaja kunali kowawa kuposa matendawo. Tsiku lililonse miyendo inkaloza kwa Dorika, koma Dorika anali atauza onse otcheza kachasu m'mudzi kuti wogulitsa kwa amake a Fanesi adzaonana naye. Kamodzi ndinazemba mpaka kumsika, ndinamwa, ndinasanza, ndinabwera ndikukwawa. Tadala anangonditsekulira chitseko. Zotsatira zitabwera anati ndi nthenda yomwe ija, koma yapezeka isanayende. Anati achotsa chiberekero. Anthu kumudzi ankati wopita kumpeni sabwerera. Ndinati chiberekero chinagwira kale ntchito yake, chitengeni, mundisiyire manja olerera ana.

Gadiyani wanga anali Dorika. Ankandisambitsa akudandaula. "Makasitomala anga onse akumwa kwa ena chifukwa cha inu, alamu. Muchire msanga, mwandigwetsera bizinesi." Koma sanachoke mpaka tsiku lotuluka.

Bala litapola, magazi atasiyiratu, ndinaphika ndekha nkhwani. Ndinatapa mchere, ndinatambasula dzanja, ndipo linalola. Ana onse awiri anali chiimire akuyang'ana. Tadala atalawa anakwinya nkhope. "Anganga, mwachulutsa." Ndinati idya choncho, ndikubweza wa masiku onse aja.

Tsono mmene ndinabwererera ndi mmenemu, mwina wina zim'thandiza. Mowa ndinausiya pothandizidwa ndi a chipatala, osati ndi mphamvu zanga. Njira ya kwa Dorika ndinaisiya, iye ndiye amabwera kwathu, wopanda botolo. Nthawi ya masana imene ludzu limakwera ndimakhala ndili ndi khasu kapena lichero m'manja, chifukwa manja opanda kanthu amadziwa okha njira ya kukapu. Ndinapita kwa amayi a kutchalitchi aja ndinawathamangitsa ndi chikuni, ndinagwada. Anandisonkhera bulauzi ina. Ndipo kuchipatala ndimapitabe masiku amene amandiuza, ngakhale ndikumva bwino.

Ntchito imene ndimagwira lero sindinaifune, inandipeza pachitsime. Ndinamva mzimayi wina wa kumalaini, nyumba za antchito a kampani, akudandaula kuti kamwana kake kamachulutsa mchere masiku onse. Anzake anaseka. Ine sindinaseke. Ndinam'tsatira panjira, ndinati, "Mwanawe, kamwanako kayamba liti kukuthirira?" Anaima, chidebe chili pamutu, misozi n'kuyamba. Mawa lake ndinam'perekeza. Panjira ndinam'phunzitsa mawu. Ndinati nena kwa ine kaye, ine ndikhale dokotala. Anati, "M'mimba." Ndinati, "Mapiritsi awa, pita." Anaseka, anayesanso, mpaka pofika pachipata mawu enieni anali atazolowera pakamwa. Tinalowa limodzi. Lero ali moyo, akuthyola tiyi.

Kuyambira pamenepo ndimaperekeza. Ndimalowa nawo m'chipinda ngati alola. Akayamba za msana ndimawagwira bondo. Akapanda kumva zimene dokotala wanena ndimati, pepani adokotala, bwerezani m'Chichewa cha kumudzi, ndipo amabwereza. Ndimafunsa zimene wodwala akuopa kufunsa: tibwerenso liti, tikaona chiyani tithamangire kuno. Wofuna namwino wamkazi ndimam'pemphera, si mlandu kupempha. Ndikapita kuchipatala chachikulu ndimadutsa kukhitchini ya magadiyani, chifukwa kumeneko kwadzadza amayi amene akudwazika ena matenda awo atawamanga m'chitenje.

Si onse amene ndinawapulumutsa, ndisakunamizeni. Mnzanga wina wa msinkhu wanga ndinam'chonderera nyengo yonse yadzinja. Ankati, "Ine thupi langa analiona mwamuna mmodzi, ndipo ali kumanda." Tinamuika chaka chatha. Ndipo akuluakulu ena anandiitanitsa, akuti ndikulaula mudzi, ndikuphunzitsa akazi kutchula zosatchula. Ndinawayankha kuti mwambo wa mchere sindinauthetse, ine ndemwe unandipulumutsa. Pakanapanda mwambo umenewo ndikanathira ndekha mwakachetechete, Tadala osadziwa kanthu, bwenzi pano mukudutsa pamanda anga. Chimene ndikukana ndi chimodzi chokha, kukhala chete pamaso pa munthu amene ntchito yake ndi kukuchiza. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ndiye mverani. Mwana akakuthirirani mchere masiku ake ozolowereka, palibe nkhani. Koma masikuwo akapitirira, kapena zikabwera pakati pa mwezi, kapena mukaona magazi mutakhala ndi abambo kunyumba, kapena munasiya kale ngati ine ndiye zabwereranso, musadikire fungo. Mwina si nthenda imeneyi, zoyambitsa n'zambiri, koma wonena kuti si imeneyi akhale amene wakuyezani. Ndipo inu amene simukumva kalikonse, kayezetseni muli bwino, chifukwa imayamba mwakachetechete. Inu apongozi, inu anganga, inu oyandikana mafuwa, tcherani khutu kumphika wa mnzanu. Ine ndinamva mwana wanga akuitana chaka chathunthu.

Tadala anatha msinkhu chaka chino. Polangiza ndinalowa nawo m'nyumbamo. Za mchere anamuuza anamkungwi, ine ndinangowonjezera kuti kwa dokotala ulibe mlamu, ulibe mpongozi, unene chinthu ndi dzina lake. Anandiyang'ana ndi maso ake aja, n'kuti, "Anganga, mukuuza ine?"

Namwino woyeza amayi ali m'chipinda icho chotseka katani, akhalapo mpaka dzuwa litapendeka. Ndikudziwa kuti palibe adzuke pano anthu akuona, inenso sindikanadzuka. Tikamwazikana ine ndikhala pansi pa mtengo wa mango uwo, ngati ndikupumitsa miyendo. Simufunika kundiuza zambiri. Mungodutsa pafupi n'kunena kuti, anganga, kwathu akuthira ndi mwana. Ndidzuka, tilowera limodzi, ndipo mawu enawo tikawapeza panjira.